Nyumba Imene Mayi Zimitsani Sanaisainire

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1962, ali mwana wachiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene banja landiimika pano kuti ndiwerenge mbiri yawo ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo, ndipo ndinakulira kumsana kwa iwowa. Choncho abusa, akuluakulu a kuntchito, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, mawu akandithawa penapake mundipirire.

Bambo athu anali mmisiri wokhoma madenga a malata, ndipo mayi athu ankagulitsa m'sitolo ya nsalu. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, yopanda siling'i, denga lake lotsika moti munthu wamtali ankalikhudza ndi dzanja. Masana a chilimwe munthu sankakhalamo, ndipo m'mawa wa nyengo yozizira malata ankadonthetsera madzi pamabulangete athu. Malemu ali aang'ono anafunsa bambo chifukwa chimene nyumba ya wokhoma madenga inkatenthera kuposa mthunzi wa mtengo, umene sunakhomedwe ndi munthu. Bambo anaseka n'kuwauza kuti akafunse kusukulu. Funso limenelo ndi limene anadzaligwirira ntchito mpaka sabata ino.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1969, ndipo mu 1977 anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Pa masamu analibe mnzawo. Akabwera ku holide sankakhala pakhomo. Ankatsatira bambo kuntchito, kukwera makwerero, kupatsira misomali, kugwira chingwe. Mayi athu ankadandaula kuti mwana wamkazi wokhalira padenga adzasowa womufunsira, chifukwa anyamata sayenda atayang'ana kumwamba. Mu 1981 analowa kukoleji, ndipo mu 1986 analandira digiri ya uinjiniya wa zomangamanga. M'kalasi mwawo akazi analimo awiri okha.

Mu 1987 analembedwa ntchito ku ofesi ya boma yoona za nyumba. Kumeneko anawapatsa ovololo yachimuna, yaikulu moti ankaipinda manja ndi miyendo yomwe. Mu 1989 anatopa nayo n'kupita nayo kwa telala wina wa pakhonde la sitolo kuti akaichepetse. Ntchito ya tsiku limodzi inatenga mwezi. Akapita kukaitenga ankauzidwa kuti kwatsala thumba limodzi, akapitanso ankamva kuti batani lasowa. Malemu, amene sankalekerera kontilakitala wochedwetsa ntchito, telala ameneyu yekha anamulekerera. Ndi alamu anga awa akhala patsogolopa. Anamanga ukwati woyera mu Sepitembala 1990, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri: wamkazi mu 1992, amene anatsata ntchito ya mayi ake, ndi wamwamuna mu 1995, amene ndi namwino.

Mu 1998 anapita kunja kukaphunzira za kagwiritsidwe ntchito ka magetsi m'nyumba, alamu n'kutsala ndi ana, kuwalera uku akusoka mayunifolomu a sukulu. Anabwerako mu 2000, ndipo mu 2004 anasiya ntchito ya boma n'kutsegula ofesi yawoyawo pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Tebulo lawo loyamba lojambulira mapulani linali chitseko chakale chosanjika pa migolo iwiri.

Ambiri a ife pachibale tinkangonena kuti achemwali amagulitsa sola, ndipo akamva zimenezo ankapsa mtima. Lero ndiloleni ndikonze, popeza anandiphunzitsa mpaka ndinamva. Ntchito yawo inali kujambula ndi kuyesa nyumba zimene zimapanga magetsi ofanana ndi amene zimagwiritsa ntchito. Ankati sola ndi yomalizira. Choyamba nyumba izifuna zochepa: mawindo ayang'ane kumene kuwala kumalowa popanda kutentha, khonde litalike kuti dzuwa lisaombe khoma, denga likhale loyera ndi siling'i yochindikala, mphepo ilowe mbali ino n'kutulukira mbali inayo. Zimenezi zikatheka, m'pamene ankawerengera mapanelo a padenga. Nyumba yotere imakhala ndi mita yowerenga mbali ziwiri, magetsi amene yatenga ku kampani ya magetsi dzuwa kulibe, ndi amene yabweza dzuwa likuswa mtengo. Chaka chikatha mbali ziwirizo ziyenera kufanana, kapena yobweza ipose.

Pa ntchito imeneyi anali ndi malamulo awiri, ndipo amene munagwira nawo ntchito mukuwadziwa pamtima. Loyamba, sankasaina satifiketi ya nyumba pongoona pulani. Nyumba inkayenera kuyesedwa chaka chathunthu, idutse chilimwe, dzinja ndi nyengo yozizira, anthu ali momwemo. Lachiwiri, anthuwo azikhala mmene amakhalira masiku onse, osadzimana kanthu pofuna kusangalatsa mita. Chinthu chikasinthidwa pakati pa chaka, kapena akapeza chinyengo, chakacho chinkafa n'kuyambanso. Makontilakitala ankawatcha ouma mutu. Iwo ankangoyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 2011 anamanga laibulale ya koleji ina. Miyezi yoyamba zonse zinkayenda bwino, koma itafika nyengo yozizira mita inayamba kutsalira. Atapita kukafufuza anapeza mahita obisika pansi pa madesiki a ogwira ntchito, ndi ketulo ya alonda kuseri kwa mashelefu. Mkulu wa kolejiyo anafuna kulanda zonsezo, popeza alendo a mwambo wolandira satifiketi anali ataitanidwa kale. Malemu anakana. Anati mlonda naye ndi munthu wa m'nyumbamo, ndipo ngati anthu akuzizidwa, wolakwa si hita koma iwo amene anajambula chipinda chosafikako dzuwa. Anaboola windo lina, anawonjezera mapanelo, ketulo n'kuiika poyera, chaka n'kuyambanso. Alendo aja anadikira mpaka chaka chotsatira.

Dzina lakuti Mayi Zimitsani analitengera kuofesi. Akapeza nyale ikuyaka m'chipinda mopanda munthu, kaya ndi kwa eni, kaya ndi kutchalitchi kuno, dzanja linkapita lokha pakhoma. Ife kwathu tikamva galimoto yawo ikuima panja, ana ankathamanga m'zipinda zonse kukazimitsa. Koma ndichitire umboni kuti sanazimitsepo nyale m'chipinda muli munthu, ndipo sanauzepo aliyense kuti asambe madzi ozizira. Pofika 2020 anali atajambula ndi kusainira masukulu, zipatala zazing'ono, maofesi ndi nyumba za anthu, komanso ataphunzitsa mainjiniya ambiri amene ena mwa iwo ndikuwaona atakhala uko.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene tinkawaseka nacho. Zaka zonsezi ankamangira anthu nyumba zozizira bwino, iwo akukhalabe ya lendi, yotentha ngati ija tinakuliramo. Mu 2021 anayamba kumanga yawo, pang'onopang'ono, njerwa iliyonse ataiyang'ana. Anaika chipinda chosokera cha alamu kumbali yowala bwino, anawerengera makina awo amagetsi ndi ayironi yawo, imene ankaitcha mkazi mnzawo chifukwa cha kudya magetsi. Anawerengera firiji, madzi otentha a kubafa, alendo a pa holide, ngakhale adzukulu amene anali asanabadwe. Analowamo mu Meyi 2023, ndipo chaka choyesa chinayamba pa 1 Juni. Anatiuza kuti satifiketi ya nyumba imeneyi ndi yomaliza kuisaina, akatero apuma pantchito. Mwana wawo wamkazi ndiye ankawerenga mita mwezi uliwonse n'kuwapatsa manambala.

Mu Sepitembala 2023 anayamba kutsokomola. Tinkayesa chimfine. Pofika Novembala ankalephera kuyenda kuchoka kuchipinda kufika pakhonde osapumira panjira, ndipo madokotala anapeza kuti mapapo awo awonongeka. Mu Disembala anatuluka m'chipatala ndi makina a okosijeni owathandiza kupuma, amene ankayenera kuyaka usana ndi usiku. Makinawo anafika m'nyengo ya mitambo, ndipo magetsi ake sanali m'chiwerengero cha nyumba. Manambala a Januwale atabwera, malemu anawayang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kukhoma. Mwana wawo wamkazi anapempha kuti makinawo awaike pa mita yawoyawo, asawerengedwe. Anakana, nati wodwala naye ndi munthu wa m'nyumbamo.

Mu Febuluwale 2024 adokotala anaitana alamu ndi ana n'kuwauza kuti mapapowo sadzabwerera, ndipo miyezi imene yatsala si yambiri. Alamu anasowa mtengo wogwira. Mankhwala ochiritsa panalibe, ndipo chimene anaona kuti angathe kuwachitira akazi awo chinali chimodzi chokha, kuti aione nyumba yawo itakhoza, asaine ndi dzanja lawo chaka chikamatha pa 31 Meyi. Anaitanira ana kukhitchini n'kupangana. Zimene ndinene apazi andilola okha kuti ndinene.

Alamu anaphimba makina awo amagetsi n'kubwerera ku akale opalasa ndi mapazi. Anagula simbi ya makala n'kumasitira kuseri kwa mpanda. Firiji anaizula, madzi otentha anatseka, wailesi yakanema inanenedwa kuti yawonongeka. Anthu atatu akuluakulu, injiniya, namwino ndi telala, ankasamba madzi ozizira n'kumadya pansi pa babu limodzi. Chipinda cha odwala chokha ndicho chinkawala ndi kufunda monga kale. Manambala a Febuluwale ndi Malichi anabwera okongola. Malemu anawalandira, koma sanasekerere, ndipo ankangofunsa chifukwa chimene m'nyumba munali mutati zii.

Tsiku lina m'mawa mu Epulo, alamu anawerama kuti awakonzere kapaipi ka pamphuno. Malemu anamva fungo la makala pa malaya, n'kuona kabowo kakang'ono kopsa pa kolala. Awatu anali telala amene kwa zaka zoposa makumi atatu sanapsererezepo nsalu ya munthu. Malemu anauza mwana wawo wamwamuna kuti awakweze panjinga ya odwala, amangirire botolo la okosijeni, awayendetse m'nyumba yonse. Anatsegula firiji n'kupezamo mbale zouma. Anatsegula mpope wa madzi otentha n'kuika dzanja. Anavundukula makina osokera n'kulemba ndi chala pafumbi. Kenako anaitana onse pabalaza, ndipo mawu awa ana anawasunga:

"Ine ndimayesa kuti m'nyumba muno mwati zii chifukwa mwayamba kundilira ndili moyo. Kani mukundinamiza ndi mdima? Nyumba iyi sindinaimange kuti muzidzimana pondidikira kufa. Chaka chino chafa, tiyambanso."

Kunali kutatsala masabata ochepa kuti chakacho chithe. Alamu anagwada pafupi ndi njinga ija n'kuwapempha kuti lamulolo aliphwanye kamodzi kokha, pa nyumba yawo yomwe, popeza palibe wakunja amene akanadziwa. Anawakumbutsa zimene adokotala ananena. Onse pabalazapo ankadziwa tanthauzo la kuyambanso, ndipo malemu ankalidziwa kuposa onse. Anagwira kolala yopsa ija n'kuwauza alamu kuti sakuwaimba mlandu, chifukwa wolakwa ndi iwo eni. Anawerengera ayironi, alendo ndi adzukulu, koma anaiwala kuti munthu amadwala, ndipo nyumba yosatha kusunga wodwala wake sangaisainire. Ine nditamva nkhaniyi ndinakwiya nawo. Ndinapita kukawauza kuti kuuma mutu kuli ndi malire. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana, n'kundiuza kuti ndikawabweretsere madzi a m'firiji.

Mu Meyi 2024 anzawo a kuofesi ndi ophunzira awo akale anabwera Loweruka lina, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Anawonjezera mapanelo pamwamba pa chipinda chosokera, malemu akulamulira ali pakhonde, kapaipi kali pamphuno, n'kubweza mapanelo awiri amene anawapendeketsa molakwika. Chaka chatsopano chinayamba pa 1 Juni. Analamula kuti chitseko cha chipinda chawo chizikhala chotsegula, kuti azimva makina a alamu akulira, ayironi ikupuma nthunzi, ketulo ikuwira, wailesi yakanema imene inachira mozizwitsa ikusokosa. Akamva kuti kwati phee ankagogoda pabedi ndi supuni kufunsa kuti kwagwanji.

Miyezi imeneyo ndi imene banja lino lidzaikumbukire. Thupi linkatha tikuona, koma m'nyumba munali moyo. Mdzukulu wawo woyamba anabadwa mu Julayi, ndipo anamusambitsira m'chipinda mwawo ndi madzi ofunda, iwo akuyang'anira. Manambala ankabwera oona, makina a okosijeni ali momwemo, ndipo nyumba inkakwanitsa. Mwezi uliwonse ankawayang'ana n'kunena kuti zikuyenda, koma chaka sichinathe.

Mu Sepitembala anandiitana n'kundipatsa uthenga wa inu nonse, umene ndiupereke ndikamamaliza. Kuyambira sabata yoyamba ya Okutobala analeka kudya. Anakana kubwerera kuchipatala, ndipo adokotala anavomera kuti asamalidwe kunyumba. Anatisiya Lolemba pa 14 Okutobala 2024, masana, ali ndi zaka 62, ana awo ali pambali, alamu akusoka m'chipinda china chifukwa iwo eni anawatuma kuti akapitirize ntchito. Atapuma komaliza makina a okosijeni anapitiriza kulira, ndipo m'nyumba ya Mayi Zimitsani munasowa munthu wolimba mtima kuti awazimitse. Anadzawazimitsa ndi mwana wawo namwino, dzuwa litapendeka. Mawa lake mwana wamkazi anapita pa mita monga mwa chizolowezi, n'kupeza nyumba ikubweza magetsi ambiri kuposa tsiku lina lililonse. Atafuna kuwauza bambo ake, alamu anati: "Usandiuze, mwanangu. Amenewo ndi magetsi a mayi ako."

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mpongozi, mdzukulu mmodzi, achemwali awo aakulu, ndi ife alongo awo awiri. Mchemwali wathu wina ndi makolo athu anatsogola kale.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anatiuza zoona ndi kutisamalira wodwala wathu. Ndikuthokoza abusa ndi amayi a mumpingo amene ankabwera kudzapemphera ndi kudzachapa. Ndikuthokoza anzawo a kuntchito amene anakwera padenga tsiku lija osafunsa kanthu, oyandikana nawo amene mwatipatsa mipando ndi malo ogona alendo, ndi alonda a ku laibulale ija amene ndamva kuti abwera ndi nkhata yawo. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Tsopano uthenga uja. Mwaona kuti chiyambireni maliro ano ena mwa inu mukafika kunyumba mumachita manyazi kulumikiza foni, ena mumazimitsa nyale pofuna kulemekeza malemu. Iwo anadziwiratu kuti mudzatero. Anati ndikuuzeni kuti maliro nawo ndi ntchito ya nyumba, ndipo masiku ano asachotsedwe m'chiwerengero. Choncho tikabwerera kunyumba, wiritsani madzi, tchajani mafoni, khalani powala. Chaka chikupitirira mpaka pa 31 Meyi, ndipo nonsenu muli momwemo. Mwana wawo wamkazi ndiye adzawerenge mita tsiku limenelo, ndipo ngati nyumba yakhoza adzasaina ndi iyeyo. Diresi limene malemu avala m'bokosimu analisoka ndi alamu dzulo pa makina amagetsi, n'kulisita ndi ayironi ija m'mawa uno, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula.

Achemwali, ndatsala ndi mawu amodzi a inu. Munatiphunzitsa kuti nyale isayake m'chipinda mopanda munthu. Ya m'chipinda mwanu ikuyakabe kuyambira Lolemba. Ine ndinafika pakhomo n'kukweza dzanja, koma ndinalephera. Alamu akuti adzazimitsa okha akadzatha kutero, ndipo sakudziwa kuti ndi liti. Musadandaule, sitikubisa kanthu, mwana wanu akuiwerengera pamodzi ndi zina zonse. Mutikhululukire nyale imodzi yokhayi.

Pitani bwino, mwana wa mayi anga. Mzimu wanu uuse mumtendere.